Kazitape wa m'buku timamukhululukira bwanji msanga chonchi?

Mphunzitsi wa ku Santhe:

Abale anga owerenga, ndithandizeni maganizo. Funso langa likupita kwa inu okonda mabuku a nthano zachikondi, makamaka aja a akazitape a nthawi ya nkhondo za azungu. Ine ndawawerenga ambiri, sindibisa. Mumsika wa pa Boma pa Kasungu muli mnyamata wina amene amayala mabuku a kaunjika pa chiguduli, moyandikana ndi ogulitsa nsapato, ndipo mwezi ukatha ndikapita kukatapa kamalipiro, sindikwera minibasi yobwerera ku Santhe ndilibe awiri kapena atatu m'chikwama. Ena alibe chikuto, ena masamba ake anafiira ngati fodya wa m'chigafa. Mnyamatayo anandizolowera moti akangondiona amayamba kufukula pansi pa mulu: "Amadamu, a akazitape aja abwera."

Limene ndamaliza usiku wathawu, ndi tochi ya foni poti magetsi anali atathima, landisowetsa tulo. Nkhani yake ndi yomwe ija mukuidziwa. Chaka ndi 1943, dziko la France lili m'manja mwa Ajeremani. Mnyamata watsika usiku pa parachuti, mapepala ake ndi abodza, ndiye kuti anthu asamukayikire ayenera kuoneka wapabanja. Amupezera mtsikana wa m'mudzimo, akhala nyumba imodzi monamizira, pang'ono ndi pang'ono zonamizira zija zisanduka zenizeni. Mpaka pamenepa ndinkangomwetulira ndekha mumdima. Koma mtsikanayo sakudziwa kuti "mwamuna wake" anatumidwa kudzafufuza mlongo wake wa iye mwini, amene mabwana a ku London akumuganizira kuti ndi kapirikoni. Uthenga umene mnyamata atumiza pa wayilesi ndi womwe uchititsa kuti mlongoyo atengedwe usiku ndi anzake omwe a m'tchire, osaonekanso. Kenako zidziwika kuti analibe mlandu.

Mtsikana amva zonsezi pa tsamba 312. Buku litha pa tsamba 340. M'masamba ochepawo mnyamata awomberedwa paphewa, mtsikana alira, ang'amba diresi lake kumumanga bala, mnyamata anena kuti analibe kuchitira mwina, basi, mabelu a tchalitchi.

Ndinaliponya pa mphasa, mwana wanga mpaka anadzidzimuka kutulo.

Chifukwa chake ndi ichi. Ndili Sitandade 4, m'zaka za m'ma 1980, atsibweni anga anatengedwa. Anali atalankhula pa mowa wa masese za makadi a chipani aja ankagulitsa mokakamiza, kuti afika pogulitsa khadi kwa mwana amene akadali m'mimba. Patapita masiku anayi galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango m'bandakucha. Anabwerako patatha zaka ziwiri ndi miyezi, mano akutsogolo mulibe, ndipo mpaka imfa yawo wayilesi ikayamba kuwerenga nkhani ankadzuka n'kutuluka panja. Amene anakawanenera sanali mlendo. Anali mkamwini wa pamudzi pathu pomwe, mwamuna wa mayi anga aang'ono, munthu wosamba m'manja m'beseni limodzi ndi atsibweniwo. Zitaululika, mayi aang'ono sanakuwe, sanaitanenso ankhoswe. Anangotulutsa khasu lake, bulangete ndi nsapato n'kuziika pakhonde. Bambo ameneyo atamwalira mu 2004 uthenga unafika pakhomo, iwo anatenga keni kupita kudimba kukathirira mpiru.

Ndiye ndikufunsa: inu zimakukhalani bwanji mukafika pamene mkazi akukhululukira kazitape m'masamba awiri? Kapena ndine ndikulakwa, ndikulowa m'buku nditasenza mudzi wanga pamutu? Ndipo chondidabwitsa ine mwini, mwezi ukatha ndikudziwa kuti ndikagulanso lina.

Telala wa pa Chinkhoma:

Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi za atsibweni. Koma pa za bukuli ndikutsutsani pang'ono. Ku chinkhoswe mwapitako kangati? Ankhoswe atulutsa mtsikana atamufunditsa chitenje kumutu, "kodi ndi uyu?", akuchimuna akana. Atulutsa wachiwiri, akananso. Aliyense pamenepo akudziwa kuti mwini wake atuluka pomaliza, koma akatuluka nthungululu zimalira ngati zachitika mosayembekezera. Tsono tsiku lina nkhoswe itaimirira n'kunena kuti mtsikana uja wasintha maganizo, bwererani kwanu, mungaiyamikire poti m'moyo zimachitika? Wolemba nthano yachikondi amapangana ndi owerenga kuti awiriwa pomaliza akhala limodzi. Akaphwanya pangano limenelo ndiye kuti walemba buku la mtundu wina, ndipo ine ndalama yanga andibwezere. Ndimawerenga ndikatseka shopu, msana ukuwawa ndi makina, tsiku lonse ndakangana ndi makolo ofuna yunifolomu pa ngongole. Maliro ndili nawo okwanira kumudzi, sindingakagulenso ena pa kaunjika.

Pomwe tikugwirizana ndi pa kupepesa. Alembi ambiri amachita mantha kumugwaditsa mnyamata wawo. Ikafika nthawi yoti atsegule pakamwa, amamuwombera, kuti tizimumvera chisoni. Ine zimenezo sindiwerengera. Chipolopolo wamuwombera ndi Mjeremani, chikukhudzana bwanji ndi mlandu wake kwa mtsikana? Kwathu kuno ukalakwira mbumba ya eni umakhala pansi anthu akuona, umatchula chimene unachita, nkhuku uli nayo m'manja, ndipo eni ake akhoza kukubweza nayo. Mwa onse omwe ndawerenga, limodzi lokha linandikhutiritsa. Mkazi anamusiya mwamunayo chaka chathunthu, makalata ake osayankha ngakhale imodzi, ndipo pomwe ankabwererana ine ndinali nditamukhululukira kale mkaziyo asanatero.

Changa chimene chimandinyansa ndi zovala, mundikhululukire, ndi ntchito yanga. Ku Britain zovala zinayamba kugulidwa ndi makuponi mu June 1941 mpaka mu 1949, ndipo akwati ena ankasoketsa diresi la ukwati ndi nsalu ya parachuti. Koma mtsikana wa m'buku dansi iliyonse ali ndi diresi la silika latsopano, alitenga kuti? Komanso akazitape enieni opita ku France ankawasokera zovala zawozawo, kuchotsa malebulo achingelezi, msoko ndi kolala kuzitsanzira kasokedwe ka kumeneko, chifukwa wapolisi wochenjera akanangotembenuza jekete, msoko wokha ukanakugulitsa. Ine ndikaona malaya ndimadziwa ngati asokedwa pa Chinkhoma pano kapena achokera mu belo, ndiye ndikumvetsa. Telala amene ankasoka majekete amenewo bwanji samulembera buku lake, nayenso akondedweko?

Wopuma pantchito wa ku Mtunthama:

Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri, ndipo mabuku amenewa ndinkalanda kwa atsikana m'kalasi n'kukawawerenga ndekha kunyumba. Mundisungire chinsinsi.

Za ukwati wonamizira zinachitikadi. Bungwe la akazitape la Britain lotchedwa SOE, lomwe linakhazikitsidwa mu 1940, linatumiza akazi pafupifupi 40 ku France. Mmodzi mwa iwo anali Odette Sansom, mayi amene anasiya ana ake aakazi atatu ku England. Mu April 1943 anagwidwa pamodzi ndi mkulu wa gulu lake, Peter Churchill. Odette anauza Ajeremani kuti iye ndi mkazi wa Peter, ndipo Peter ndi wachibale wa nduna yaikulu ya Britain, Winston Churchill. Zonse ziwiri zinali zabodza, dzina linangofanana, koma bodzalo linawathandiza kuti asaphedwe msanga. Anamuzula zikhadabo za kumapazi, anakamutsekera ku ndende ya Ravensbrück, koma anatulukako wamoyo. Mu 1947 anakwatiranadi ndi Peter uja. Wolemba nthano akanaika cholembera pansi pamenepo, amayi a pa Chinkhoma n'kuwomba m'manja. Banjalo linatha lisanakwanitse zaka 10.

Wina anali Noor Inayat Khan. Anatera ku France usiku ndi kandege ka Lysander mu June 1943 ngati wotumiza mauthenga pa wayilesi, ntchito yoopsa zedi chifukwa Ajeremani anali ndi magalimoto osaka komwe wayilesi ikulankhulira. Anzake atagwidwa iye anapitiriza ku Paris, kusamukasamuka ndi sutikesi ya wayilesi m'manja. Anamugwira mu October chaka chomwecho, n'kukamupha ku ndende ya Dachau mu September 1944 ali ndi zaka 30. Winanso, Nancy Wake, anathawa mu mzinda wa Marseille mu 1943, mwamuna wake Henri Fiocca n'kutsala. A Gestapo, apolisi achinsinsi a Ajeremani, anamuzunza mwamunayo mpaka kumupha, ndipo mkazi anadzamva za imfayo mochedwa, nkhondo ikupita kumapeto. Mayi yemweyu ankasimba kuti nthawi ina anapalasa njinga makilomita pafupifupi 500 m'masiku atatu kukafuna woti amutumizire uthenga ku London.

Taonani amene anafa pa nkhani ya Nancy: wotsala pakhomo. M'mabuku athuwa wotsala pakhomo amangotchulidwa mutu woyamba, kenako amasowa ngati mchere m'ndiwo. Ndikuganiza kuti ndi pamene pakuwawani, aphunzitsi anzanga.

China chapambali. Mabuku onse amene ndinalanda aja, sindinakumanemo ndi msilikali wa KAR, gulu la asilikali akuda la nthawi ya atsamunda lija, ngakhale mmodzi, chikhalirecho anyamata a Nyasaland anakamenya nkhondo yomweyo mpaka ku Burma. Za amtengatenga a nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ija ya dziko lonse, ndiye musachite kufunsa.

Wakabaza wa pa Kamwendo:

Bambo a ku Mtunthama, makilomita 500 masiku atatu? Mayi ameneyo akanabwera pa siteji pathu tonse tikanapachika njinga. Ine kuchoka pa Kamwendo ndi matumba awiri a mtedza ndimakafika pa Boma miyendo ikunjenjemera.

Ndimawerenga mabuku a achemwali anga podikira makasitomala, awo amakonda a nthawi ya Napoleon. Muli zoseketsa. Mwamuna avina usiku wonse ndi mkazi wake wa m'nyumba osamuzindikira, chifukwa mkaziyo waphimba maso okha ndi kansalu. Kazitape wotani ameneyo? Ine kasitomala amene anandithawa ndi ndalama ndimamuzindikira ali patali atatembenuka, ndi kayendedwe kokha. Akathawa adani n'kufika pa nyumba ya alendo, chipinda chatsala ndi chimodzi, bedi limodzi, buku lililonse. Nanga za phewa zija. Chaka chatha ndinagwa ndi njinga phewa linaguluka, miyezi iwiri malaya ankandiveka ndi mayi anga. Uyu chipolopolo chalowa Lachiwiri, Lachisanu wanyamula mkazi akukwera naye masitepe.

Komanso bwanji kazitape nthawi zonse amakhala bwana wa minda ndi nyumba ya zipinda makumi anayi? Amene amamva nkhani ndi woyendetsa ngolo, wophika, wochapa. Munthu akakhala pa kaliyala amaiwala kuti wopalasa ali ndi makutu. Zomwe ndimamva ine pa tsiku, mabanja angapo pa Kamwendo pano akanatha.

Agogo a ku Mkanda (akundilembera ndi mdzukulu wanga):

Mwana wanga wa ku Santhe, mabuku amenewo ine sindinawerengepo, mdzukuluyu ndi amene wandiwerengera zomwe walemba. Koma za akazitape ife a m'malire tinaziona ndi maso.

Mu 1972 a Mboni ankadutsa m'Mchinji muno kuthawira ku Zambia, ana kumsana, miphika pamutu, ndipo munthu ukawapatsa madzi unkayamba wayang'ana kumbuyo. Mu December 1981 a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anagwidwa cha kumalire konkuno. Boma linati awagwira atalowa m'dziko, iwo anati anachita kubedwa ku Zambia. Anawaweruza kuti aphedwe mu 1983, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Mwamuna ndi mkazi, ndende imodzi ya Zomba, zaka 8 osaonana. Anadzaonana mu 1992, patangopita masabata ochepa bamboyo n'kumwalira m'ndende momwemo mu October. Mayiyo anatuluka mu January 1993. Ukafuna nkhani ya chikondi ya nthawi imeneyo, ndi imeneyo, ilibe mabelu.

Tsopano tamvera yanga. Malemu mayi a kunyumba kwanga ankapita ku Chipata kukaoda zitenje. M'chaka cha 1992, Kalata ya Maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi mu March, mapepala ena otsutsa boma anayamba kuyenda mobisa, ndipo anthu ankamangidwa chifukwa chopezeka nawo. Ine ndinali munthu wamantha, ndivomere, ndikamva nkhani zotere ndinkasamuka pa bwalo. Osadziwa kuti mapepalawo ankagona m'nyumba mwanga, atapindidwa pakati pa zitenje, pansi pa bedi lomwe ndinkagonapo. Mayiwo ankawapereka kwa munthu wina pamsika ngati akugulitsa nsalu. Anandiuza riferendamu ya June 1993 itadutsa, tikusenda chimanga pakhonde, ngati akunena za mtengo wa sopo.

Ndinakwiya. Sabata yathunthu nsima yawo sindinadye, ndinkakadya kwa mlongo wanga. Chinandiwawa n'chakuti akanagwidwa ndikanatengedwa nawo ine wosadziwa kanthu, ana n'kutsala okha. Ndipo nditafunsa kuti bwanji simunandiuze, anandiyang'ana n'kuti, "Inu mukanatha kusunga?" Sindinayankhe, chifukwa tonse awiri yankho tinkalidziwa. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinabwerera ndekha, iwo sanapepese, anangowonjezera mtanda m'mbale. Tinakhala limodzi zaka zina 22.

Ndiye ine ndinakhululuka msanga kuposa mtsikana wa m'buku lakoyo, mwinanso. Koma pakhomo panga palibe anatengedwa. Mayi ako aang'ono ankaona mlongo wawo tsiku ndi tsiku akutafuna ndi nkhama. Usawayerekeze ndi ine, ndipo mtsikana wa m'bukuyo ali mbali ya iwo, osati yanga.

Mphunzitsi wa ku Santhe:

Zikomo nonse. Agogo, mawu a agogo aakazi aja, "inu mukanatha kusunga?", ndawawerengera anzanga pa nthawi ya buleki, mpaka aphunzitsi aamuna awiri anangoti ziii kuyang'ana m'makapu. Achimwene a pa Kamwendo, kuyambira lero pa kabaza ndizikhala chete.

Amayi a pa Chinkhoma, za chinkhoswe ndavomera. Nanenso mabelu aja ndimawafuna, ndikanakhala wosawafuna sindikanamalemeretsa mnyamata wa pa chiguduli uja. Ndalitola bukulo pa mphasa n'kuwerenganso masamba 28 omalizawo ndi cholembera chofiira m'manja, ngati ndikuchonga mayeso. Kupepesa kwa mnyamata ndi mizere 11. Diresi la ukwati lapatsidwa tsamba ndi theka. Mlongo uja, amene nkhani yonse inayambira pa iye, dzina lake latchulidwa komaliza pa tsamba 319. Pa ukwati mayi ake akuvina, ndipo palibe ngakhale mmodzi woyang'ana pamene iye akanakhala. Bambo a ku Mtunthama, munalasa. Mtsikanayo akanakhululuka, chabwino, mtima ndi wake, koma akanapita kaye ndi mwamunayo kukafunsa komwe anamukwirira mlongo wake, mwamunayo khasu lili m'manja. Masamba asanu akanakwana.

Dzulo madzulo ndinaimbira mayi anga kuwafunsa ngati mng'ono wawo anatchulapo dzina la bambo uja chichokereni. Akuti kamodzi kokha, mwana wawo woyamba akulembetsa mayeso a Sitandade 8, pamene fomu inkafuna dzina la bambo.

Amayi a telala, bukuli ndikupatsira kondakitala wa minibasi Loweruka, akusiyirani pa Chinkhoma. Muwerenge kuyambira 312, mwina mlongoyo alipo penapake ine ndinamudumpha ndi tulo. Inu munditumizire lija la makalata osayankhidwa, ngati mbewa sizinalidye.